A Maluwa ndi Mapiritsi a Kaputeni

A Maluwa anayamba kugwada asanamere ndevu, ndipo sikunali kutchalitchi. Ankagwadira kapinga wa anthu. Nyumba yoyamba anaigwadira mpaka eni ake anasamuka, yachiwiri mpaka eni ake anasudzulana, yachitatu mpaka mwini wake anatsikira kuli chete. Pofika pa nyumba ya mpanda wautali ija, kumtunda kwa tauni kumene mpopi ukatsegulidwa umatulutsa madzi osati mpweya, mawondo awo anali atadya kale dothi lokwanira kuumba njerwa za sukulu yathunthu, ndi chimbudzi cha aphunzitsi chomwe. Dzina lawo lenileni linatsalira pa chiphaso. Aliyense, kuyambira alonda a pageti mpaka ana awo obereka okha, ankangoti a Maluwa, chifukwa munthuyu akazika mpini wa tsache pansi n'kuuthirira, mawa lake mumaupeza utaphuka, njuchi zili piringupiringu.

Ankakhala kuseri kwa nyumba yaikuluyo, m'kachipinda ka antchito kogundana ndi thanki ya madzi. Munali bedi, mbaula, ndowa ziwiri, ndi zenera loti mphaka atakhuta sangadutsepo. M'menemo ndimo iwo ndi akazi awo, amake mapasa, analerera ana awo awiri aakazi mpaka onse anakwatiwa, wina kutali, wina kumunsi kwa tauni komweko, kumene ngalande zonse za kumtunda zimakathera. Koma kachipindako sikanali kawo. Kanali ka ntchito. Tsiku limene ntchito idzathe, kiyi adzabwerera pa msomali wa kukhitchini kwa adona, ndipo izi a Maluwa ankazidziwa bwino kuposa tsiku lawo lobadwa.

Mawondo anayamba ndi kunong'ona. Kenako anayamba kuyankhula. Pomwe imvi zimafika m'ndevu anali atayamba kukuwa, moti a Maluwa akamadzuka pabedi m'mawa, alonda kugeti ankatola chibonga poganiza kuti wina akuthyola loko. Bondo lakumanzere linatupa ngati dzungu, lakumanja linachita nsanje n'kuyamba kutsatira.

Kuchipatala anapitako, musawayese mbuli. Vuto linali loti tchuthi chawo chinali Lamlungu masana, nthawi imene chipatala cha boma chimangolandira okhawo amene abwera atanyamulidwa. Atapempha Lachiwiri lina, anakaima pa mzere wautali woti wakumapeto amangomva mphekesera kuti kutsogolo kuli dokotala. Analowa dzuwa litapendeka. Adokotala, amene ankaoneka otopa kuposa odwala awo, anagwira bondolo, nati mafuta a mu mfundo anatha kalekale, fupa likukhula fupa linzake. Asiye kugwada, asiye kunyamula zolemera, apumule. Kumeneko ndiye kuuza nsomba kuti isiye kunyowa. Pa zenera la mankhwala anawauza kuti amphamvu anatha, akagule m'tauni, ndipo anawapatsa timapiritsi ta mutu m'kapepala. Kufamase atamva mtengo, mawondo anachira okha mpaka kuwafikitsa pabwalo, n'kuyambiranso pomwepo.

Adona sanali munthu woipa, zimenezi zinenedwe. Ankapereka malaya akale a abwana, ndipo mapasa akudwala chikuku kale ndi iwo anagula mkaka. M'mawa wina anawapeza a Maluwa akutsika masitepe a pakhonde chammbali ngati nkhanu, dzanja lili pakhoma. Anaima ndi makiyi a galimoto m'manja, nkhope yodzaza chifundo.

"A Maluwa, ntchito ikayamba kukulemerani muzinena, tisakuzunzeni. Anyamata ofuna ntchito ndi ambiri, tikhoza kupeza wina inu n'kupumako."

Mawu okoma ngati uchi, koma a Maluwa anamvamo kutha kwa ntchito. Anaseka, nati ndi kaminga chabe kalowa m'nsapato. Kuyambira tsiku limenelo anaphunzira ntchito yachiwiri, yolemera kuposa yoyamba: kuyang'anira makatani. Katani ikangogwedezeka, msana unkawongoka, miyendo n'kuyenda ngati ya msilikali pa perete. Ikakhala bata, ankagwira mpini wa fosholo ndi manja onse awiri n'kumaluma mano mpaka misozi.

Pakhomopo panali nkhalamba inanso. Dzina lake Kaputeni, galu wamkulu ngati mwana wa ng'ombe, wa matiresi akeake, mbale yakeyake ndi dokotala wakewake. Nayenso miyendo yakumbuyo inayamba kukana. Akafuna kudzuka ankayamba wakambirana nayo kaye. Sabata yomweyo anakwezedwa galimoto, mpando wakutsogolo, zenera lotsitsa kuti apitidwe mphepo, ndipo anabwerako ndi botolo la mapiritsi abulauni, onenepa, onunkhira nyama. Poti adona amalawirira ku ntchito ndipo dovu la galu amanyansidwa nalo, ntchito yomwetsa inagwera a Maluwa. Piritsi limodzi m'mawa uliwonse, galu akatha kudya. Adona anabwereza kawiri kuti akatha kudya, dokotala wanenetsa.

Sabata isanathe, Kaputeni yemwe uja anathamangitsa mphaka wa aneba mpaka pamwamba pa mpanda, ndipo alonda amalumbira mpaka lero kuti akanapanda kumugwira mchira akanakwera naye. A Maluwa anaona zonsezi atagwada m'maluwa a minga, mawondo akuyaka moto. Anaganiza mwakuya, monga amaganizira munthu amene wagwada. Bondo ndi bondo. Fupa la galu ndi fupa la munthu anaumba ndi Mmodzi yemweyo. Kulemera kwake, iwo ndi Kaputeni akanakwera sikelo, wopepuka akanakhala iwo. Ndiponso uku sikuba, n'kugawana, pakuti nkhalamba ziwiri za pakhomo limodzi sizimanana.

M'mawa mwake anadula piritsi pakati ndi sizasi yodulira maluwa. Theka anaponyera Kaputeni pamwamba pa chakudya chake. Theka linalo anameza okha ndi madzi a m'payipi yothirira, m'mimba muli mbee, chifukwa tiyi wa antchito amatuluka dzuwa litakwera kale. Linkakoma ndithu. Inali nyama yawo yoyamba mwezi umenewo.

Mukanawaona masana ake. Anadzuka pa kapinga osagwira chilichonse, n'kuima kudabwa ngati munthu amene watola chikwama pamsewu. Patapita masiku anali pamwamba pa makwerero akusadza mpanda wa maluwa uku akuimba mluzu. Alonda anati a Maluwa akuyenda ngati wapolisi amene wangolandira yunifolomu. Amake mapasa anawayang'ana kuchokera kumutu mpaka kuphazi, n'kufunsa ngati apeza kamtsikana kumsika, poti kudumphadumpha kotereku anakuona komaliza asanakwatirane. A Maluwa anati ndi mapemphero. Akazi awo anati mapemphero amenewo awabwerekeko nawonso, msana ukuwavuta.

Amene sanasangalale ndi Kaputeni. Theka la piritsi silinamukwane, ndipo anayambanso kukambirana ndi miyendo yake. Adona anamukwezanso galimoto. Dokotala wa ziweto anapukusa mutu, nati matenda akula, azimwa awiri pa tsiku, n'kupereka botolo lokulirapo. A Maluwa anaona kuti kumwamba kwayankha: limodzi la galu, monga poyamba paja, limodzi lawo, mlandu palibe. Koma kuzizira kutafika mawondo anayamba kupempha zoonjezera, ndipo adona analengeza kuti Loweruka lakumapeto kwa mwezi kudzabwera alendo a kuntchito kwawo, phwando lidzachitikira pa kapinga, pasadzaoneke tsamba ngakhale limodzi lolakwika. Masiku ena a Maluwa anayamba kumeza onse awiri, Kaputeni n'kumuponyera kachidutswa ka buledi. Galu sayankhula, koma amadziwa kuyang'ana munthu. A Maluwa anayamba kumupatsa chakudya atatembenukira kumbali.

M'mimba munayamba kutentha ngati ameza khala la pambaula. Anamwa soda wosungunula m'madzi, moto n'kuzima pang'ono, n'kuyakanso. Kenako chimbudzi chinasanduka chakuda bii ngati phula la pamsewu, fungo lake loti ntchentche zinkabwerera pakhomo. Sanauze munthu. Akawerama n'kuweramuka, mpanda wonse unkazungulira kamodzi usanaime. Amake mapasa anaona kuti zikhato za amuna awo zayera ngati za munthu amene wachapa tsiku lonse, ndipo chakudya akungochigwiragwira. Atafunsa anauzidwa kuti ndi kutopa.

Lachinayi masana, amake mapasa akuchapa ovolosi, anapeza kanthu kabulauni m'thumba la pachifuwa. Anakanunkhiza. Fungo limenelo ankalidziwa, chifukwa botolo lija linkakhala pa shelefu ya mu shedi pafupi ndi pamene amayanika zovala. Anadikira mpaka a Maluwa atabwera kudzamwa madzi, n'kutseka chitseko. Anayankhula monong'ona, pakuti zenera la kukhitchini kwa adona lili pafupi ndipo mtsikana wophika ali ndi makutu a mleme.

"Abambo a mapasa, mukudya za galu?"

"Ndikumwa mankhwala."

"A galu."

"Bondo silidziwa kuwerenga botolo, mayi."

Amake mapasa sanaseke. Anati aona zimene zikutsala m'chimbudzi, iwo si mwana, ndipo ngati sasiya lero lomwe apita okha kukagogoda kwa adona. A Maluwa anakhala pa bedi pang'onopang'ono, manja ali pamimba. Anati adzasiya likangodutsa Loweruka, alumbire pa chilichonse. Akasiya lero, mawa mawondo atseka, Loweruka adzagwa ndi mpando m'manja pamaso pa alendo, ndipo Lolemba adzagona kuti? Kwa mwana wa kumunsi kuja, m'chipinda chimodzi ndi mkamwini ndi adzukulu? Amake mapasa anatola ovolosi ija. Anatuluka kukamaliza kuchapa, koma madzulo ake, a Maluwa ali kugeti, analowa mu shedi n'kutsimikiza kuti botolo likadali pomwe limakhala.

Lachisanu kunacha ndi mipando. Inabwera mulu woti mukanakhazika tauni yonse ndi alendo ake, ndipo yonse inafunika kuchoka pageti kupita kuseri kwa nyumba. Miphika ya maluwa ya simenti inafunika kusuntha, kapinga kumetedwa komaliza. Adona anapita ku ntchito, abwana anali kunja kwa dziko. A Maluwa anameza awiri kusanache bwino, n'kuyamba kunyamula.

Dzuwa lili paliwombo, nseru inawagwira pakhosi. Anathamangira kuseri kwa thanki. Zoyamba kutuluka zinali zakuda ngati matsalira a khofi m'kapu ya abwana. Zachiwiri zinali zofiira, ndipo zinali zambiri. Anaziyang'ana kanthawi, kenako, mwa chizolowezi cha munthu amene moyo wake wonse wakhala akubisa zonyansa pa bwalo la eni, anakankhira dothi ndi phazi n'kukwirira bwinobwino. Anabwerera ku mipando. Ananyamula iwiri, anayenda pang'ono, kapinga anadzuka n'kuwamenya kumaso.

Anatsitsimuka akumva mawu a akazi awo ndi a alonda pamwamba pawo, ngati ali pansi pa chitsime. Alonda ankaimbira adona, foni inkangolira osayankhidwa, adona ali mu msonkhano. Mu galaja munali galimoto yachiwiri, yodzaza mafuta, makiyi ake ali pa msomali kukhitchini, koma pa anthu anayi amene anali pakhomopo panalibe wodziwa kuyendetsa, ndipo akanakhalapo sakanayerekeza. Kumtunda kumeneko minibasi sizifika, anthu ake sazifuna. Anawakweza pa wilibala yawo yomwe, miyendo ili lendelende. Amake mapasa anathamangira mu shedi, n'kutulukamo akutseka zipi ya chikwama.

Pageti anakumana ndi lole yobweretsa tenti ya phwando. Dalaivala anayang'ana wilibala, anayang'ana magazi pa ovolosi, n'kuuza anyamata ake kuti atsitse tenti msanga, akweze wodwalayo. Pa kona ya msewu womwewo pali chipatala cha zitseko za galasi zotseguka zokha. Anaima pamenepo. Zitseko zinatseguka ndithu, koma wa pa kauntala anafunsa khadi la inshuwalansi kapena ndalama ya chikole, ndipo nesi wina amene anatuluka kudzasuzumira m'lole anagwira dzanja la a Maluwa, n'kuuza dalaivala motsitsa mawu kuti asataye nthawi pano, athamangire cha boma. Lole inatsika phiri ikulira ngati ikupita kukamenya nkhondo. Kumbuyo, mutu uli pamiyendo ya akazi awo, a Maluwa anakoka chikwama chija ndi chala.

"Musanene," anatero. "Chilichonse afunse, musanene."

Ulendo uno anabwera atanyamulidwa, choncho mzere sunawakhudze. Anawagoneka pa machira a matayala m'chipinda chodzaza anthu obuula, diripi n'kulowa pamkono. Dokotala wake anali mtsikana wamng'ono, msinkhu wa mapasa, wa maso ofiira ndi tulo. Anatsitsa chikope cha a Maluwa, anakanikiza mimba, n'kuyamba mafunso. Mowa amamwa? Ayi. Mankhwala azitsamba? Ayi. Mapiritsi opha ululu, a mutu, a msana, a mafupa? A Maluwa anati iwo ndi tiyi basi. Dokotala anayang'ana amake mapasa, amake mapasa anayang'ana pansi, chikwama atachikumbatira pachifuwa ngati khanda.

Atamva kuti wodwalayo amagwira ntchito ya m'munda wa maluwa, dokotala anasintha nkhope. Anafunsa ngati amagwira mankhwala opopera, kapena a makoswe, aja amene amasungunula magazi. Funso lisanayankhidwe, fungo la perefyumu linadula fungo la chipindacho. Adona anali ataona mafoni aja, n'kumva kwa alonda kumene wodwala wapita. Anafika akupuma mwabefu, nsapato zazitali zikugogoda simenti, n'kuima kumapazi kwa machira, dzanja lili pakamwa. Anamva funso lomalizalo, ndipo pofuna kuthandiza anayankha ndi iwo. Inde, mu shedi muli mankhwala a makoswe, anagula okha mwezi watha, ndipo amene amasunga kiyi wa shedi ndi a Maluwa.

Dokotala anatuma nesi kuti athamangire ku wodi ina akafune jakisoni wopha mphamvu ya poizoni, ngati alipo. Kenako anakokera amake mapasa pambali pang'ono, koma m'chipinda chotere pambali palibe. A Maluwa anamva zonse. Ankafunsa ngati bambowa masiku ano anali ndi maganizo, ngati ananenapo zotopa ndi moyo. Amake mapasa anapukusa mutu, misozi ikugwera pa chikwama. Anayang'ana amuna awo. A Maluwa anagwedeza mutu pang'ono, kukana.

Makina a pamkono oyeza kuthamanga kwa magazi analira. Dokotala anawerenga, n'kuwerama mpaka nkhope yake inayandikira ya a Maluwa.

"Bambo, magazi akutuluka m'kati ndipo sindikudziwa chimene chawatsegulira njira. Mu furiji mwatsala thumba limodzi la mtundu wanu. Ndikalithira ndikuchiza matenda olakwika, ndathira mu ndowa yobooka. Ngati pali chimene mwamwa, nthawi yonena ndi ino."

Denga linkapita kutali n'kubwerera. Kumapazi kunali adona, maso ali pa iwo. Kumanja kunali chikwama. Pa botolo lija panali chithunzi cha galu, dzina la Kaputeni, ndi dzina la adona lolembedwa ndi makina. Likangotuluka, ndiye kuti miyezi yonse ija galu wa eni ankalira ndi miyendo chifukwa cha iwo, ulendo wachiwiri wa kwa dokotala wa ziweto unali chifukwa cha iwo, kuyenda kwa usilikali konse kuja linali bodza. Wakuba ndi wolumala, munthu mmodzi. Kachipinda kapita.

Anatseka maso kuti aganize, ndipo mumdimamo anaona chinthu chimene sanachiganizepo miyezi yonseyi. Maliro sasunga kachipinda. Akafa pa machira pano, adona adzalira, adzagula bokosi labwino, ndipo mwezi usanathe amake mapasa adzatulukabe m'kachipindako, okha, ndi ndowa ziwiri, anthu akunong'ona kuti amuna awo anamwa mankhwala a makoswe. Anatsegula maso. Anatembenukira kwa akazi awo.

"Apatseni botolo, mayi."

Zipi inalira. Dokotala analandira botolo, anawerenga kutsogolo, anatembenuza, anawerenganso. Sanaseke, ndipo a Maluwa amamulemekeza mpaka lero chifukwa cha chimenecho. Anangofunsa kuti angati pa tsiku, kuyambira liti, atadya kapena asanadye. Atamva kuti asanadye anapumira m'mwamba, n'kukuwira nesi uja kuti abwerere, si poizoni, ndi chilonda cha m'chifu chaboola mtsempha, atenge mankhwala ena ndi thumba lija la magazi. Manja anayamba kuthamanga pamwamba pa a Maluwa.

Adona anali atawona chithunzi cha pa botolo. Anati, "Ndiye n'chifukwa chake Kaputeni…" n'kulekera pomwepo. Anayang'ana mawondo a a Maluwa, amene ovolosi yong'ambidwa ndi manesi inawasiya poyera, akuda, otupa, a zikang'a ngati khungwa la mtengo. Zaka zonsezi anali asanawaonepo. Anatuluka panja, ndipo amake mapasa anawaona pa zenera ataima pafupi ndi galimoto yawo, osalowa.

Thumba limodzi silinakwane. Mwana wa kumunsi uja anabwera kudzapereka magazi, alonda nawonso anapereka atatsika pa ntchito, ndipo akhala akuuza aliyense kuti theka la a Maluwa tsopano ndi iwo, choncho akawatukwana akudzitukwana okha. Phwando linachitika Loweruka monga mwa dongosolo. Akuti kapinga anayamikiridwa kwambiri.

Atatuluka m'chipatala, adona anachita chinthu chimene anachiona kuti n'chabwino, ndipo chinalidi chabwino. Za mapiritsi sanatchulenso. Anawakweza a Maluwa galimoto n'kupita nawo kwa dokotala wawo wa mafupa, ku zitseko za galasi zija, kumene wa pa kauntala yemwe uja anawapatsa moni wa ulemu ndi madzi ozizira. Anawajambula mawondo onse awiri. Dokotala anapachika zithunzi pa nyale n'kumalozera ndi cholembera, akuyankhula ndi adona. Anati mawondo awa anatha, munthuyu asadzagwadenso, asadzanyamulenso, ndipo ndi chifu chotere mapiritsi amphamvu opha ululu, a anthu kaya a chiyani, asadzawayandikirenso. Njira ilipo, yoika mawondo achitsulo. Atatchula mtengo wake adona anatsokomola, n'kufunsa ngati pali ndodo zabwino zoyendera.

Zimene a Maluwa anabisa kwa makatani nthawi yonse ija zinali tsopano pa nyale, zoyera mbee, aliyense akuziona. Abwana atabwerako anawaitanira pakhonde, n'kuwapatsa mpando, chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Anati za galu zija aiwale, iwo alibe nazo mangawa. Koma sangalole kuti munthu adzafere pa kapinga wawo, chikumbumtima chawo sichingawalole. A Maluwa agwira ntchito mokwanira, akapume. Kachipinda akhoza kukhalamo mpaka mwezi uthe, pakuti wolowa m'malo adzafuna pogona. Anawapatsa envelopu, ndodo yachitsulo yonyezimira, ndi jekete limene abwana anavalapo kamodzi kokha. A Maluwa anathokoza. Anayesa kugwada pothokozapo, mawondo anakana, ndiye anangowerama.

Lero amakhala kumunsi, kwa mwana wawo. Chipinda n'chimodzi, anachidula pakati ndi nsalu yopachika pa waya: uku mkamwini, mkazi wake ndi ana, uku nkhalamba ziwiri ndi katundu wawo. Mvula ikagwa kumtunda, madzi ake amafika pakhomo pawo asanafike kumtsinje. A Maluwa amakhala pa kreti m'mbali mwa msewu, mwendo wakumanzere atautambasula, akugulitsa mbande za maluwa m'mabotolo odula pakati. Zimaphuka bwino moti anthu odutsa amaima kuzisirira, koma kumunsi kuno munthu sagula chinthu chosadyedwa, ndipo a kumtunda sadutsa msewu umenewu. Ululu amaumeza wouma. Mwezi ndi mwezi amake mapasa amakawaimira pa mzere wa mankhwala a chifu, ndipo mwezi wina amabwera nawo, wina amabwera ndi kapepala koti akagule m'tauni.

Mkamwini ndi munthu wofatsa, woyendetsa njinga yonyamula anthu, ndipo sananenepo kanthu. Amapereka moni, amafunsa za mawondo, tsiku lina anabweretsa nthochi. Koma mwana wachinayi ali m'njira, ndipo nsalu ya pa waya ija yasunthidwa kale kamodzi, chakumbali ya nkhalamba. M'mawa uliwonse mkamwini amadzuka, amalumpha miyendo ya apongozi ake kuti atulutse njinga, ndipo a Maluwa, maso ali chitsekere ngati ali m'tulo, amamvetsera mmene atsekere chitseko.